Tepi ya a Kamanga

Ntchito yanga yoyamba inali yojambula matepi pamsika wa ku Dwangwa. Anandipezera ndi azakhali anga, alongo awo a bambo, mzimu wawo uuse mumtendere. Ine kwathu ndi kwa Kanyenda. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni chaka chomwe bambo anayamba kudwala miyendo, ndipo ndinakhala pakhomo zaka zitatu ndikuthandiza amayi kumunda wa mpunga. Azakhaliwo ankagulitsa mpunga pamsika, ndipo benchi lawo linayang'anizana ndi kaokala ka a Jafali, bambo wachisilamu wochokera ku boma la Nkhotakota. Munthu amene ankagwira kwa a Jafali anali atapita kukadula nzimbe, ndiye iwo ankafuna wina wodziwa kulemba bwino mayina a nyimbo pachikuto cha tepi. Azakhali anawauza kuti ali ndi mwana wa mlongo wawo amene zilembo zake zili ngati za aphunzitsi.

Tsiku lomwe ndinapita, a Jafali anandipatsa bolopeni ndi kapepala, nanditchulira mayina a nyimbo khumi. Nditalemba anayang'ana kapepalako nthawi yaitali, kenako anandifunsa dzina. Ndinati Agnesi. Anati, "Agi, mawa ubwere seveni koloko. Ubwere utadya, kuno kuli nyimbo zokha." Ndinabwerera kwa azakhali ndikuyamika Mulungu njira yonse, chifukwa pa anzanga onse a kumudzi, ine ndekha ndinapeza ntchito yokhala pamthunzi.

Ana a masiku ano amene amangopereka kamemori n'kulandira nyimbo mazanamazana sangadziwe mmene ntchitoyi inalili. Tinali ndi wailesi yaikulu ya zitseko ziwiri. Khomo lakumanzere umaikamo tepi yomwe ili ndi nyimbo, lakumanja umaikamo yatsopano, n'kudina batani lofiira pamodzi ndi loyimbitsa. Magetsi akazima tinkalumikiza ku batire ya galimoto yomwe inkakhala kunsi kwa tebulo. M'mawa uliwonse ndinkapukuta mitu ya wailesi ndi thonje lonyika mu sipiliti, chifukwa mutu ukada nyimbo imamveka ngati munthu akuyimbira mumtsuko. Tepi ikatafunidwa ndinkaisolola pang'onopang'ono, kuiwongola pabondo, n'kuikulunga ndi bolopeni. Ikaduka ndinkadula nsonga zonse ziwiri mopendeka ndi lezala, n'kulumikiza ndi kachidutswa ka selotepi kumbuyo kwake, osati kumaso komwe kuli nyimbo. Pakati pa nyimbo ziwiri umasiya kampata: umaimitsa yakumanzere, yakumanja n'kumajambulabe chete mpaka uwerenge kanayi.

Kumsana kwa tepi iliyonse kuli timano tiwiri. Timanoto tikakhalapo, tepi imalola kujambulidwa. Munthu akatithyola, batani lofiira limakana kulowa. Koma aliyense wa ntchitoyi ankadziwa kuti ukamata selotepi pamabowopo, wailesi imapusitsika, n'kufufuta zonse zomwe zinalimo. A Jafali anandionetsa zimenezi sabata yoyamba, ndipo anati tepi yothyoka mano ndiye kuti mwini wake wanena kale kuti ayi, selotepi usamate pokhapokha mwiniyo ataima pomwepo n'kukuuza yekha. Anandiuzanso kuti tepi yobwera ndi kasitomala ndiziimva ndi makutu kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Apa ndi pomwe ndinali waulesi. Ine ndinakulira m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo nyimbo zambiri zomwe anthu ankabweretsa ndinkaziona ngati za kumowa. Pawailesi paja panali timagetsi tobiriwira ndi tofiira tomwe tinkavina nyimbo ikamayimba, n'kuzima nyimbo ikatha. Ndinazolowera kuti a Jafali akachoka ndinkatsitsa mawu mpaka pansi, n'kumangoyang'ana timagetsito. Tikazima, ndadina batani loimitsa. Kwa miyezi yambiri njira imeneyi sinandigwetsepo m'vuto, mpaka ndinayamba kudziona ngati katswiri.

A Kamanga anabwera Lachisanu lina m'mawa. Anali bambo wamtali, wa imvi m'mbali mwa mutu, atavala ovolosi ya kufakitale ya shuga komwe ankagwira ku maboila. Malankhulidwe awo anali a kumpoto. Anatulutsa tepi yokulungidwa m'kansalu, yakale zedi, pepala lake litasanduka lofiira ndi thukuta la manja. Anati tepiyo yayamba kulira mkati ikamazungulira ndipo akuopa kuti tsiku lina idzaduka. Zomwe zinali mbali yoyamba analibe nazo ntchito, zinali zojambula pawailesi. Ankafuna nyimbo imodzi yokha, yoyamba ya mbali yachiwiri, kuti isamutsidwire pa tepi yatsopano. Malo otsalawo anasankha nyimbo zovina zomwe tinali nazo paokala, kuti abale awo akasangalale nazo kumudzi.

A Jafali anaitembenuza tepi ija, naona kuti mano onse awiri ndi othyola. Anandiuza kuti ndiijambule pa liwiro la masiku onse, osati lothamanga lija, chifukwa yakalamba. A Kamanga anati adzatenga asanalowe shifiti ya masana, nachoka. Dzuwa litafika paliwombo a Jafali anavala kofia yawo n'kupita ku mzikiti, ine n'kutsala ndekha monga Lachisanu lililonse.

Ndinaika tepi ija kumanzere. Inayamba ndi gitala lokha, la magetsi, lokhakhala ngati sowo ikudya mtengo wouma, likubwereza timawu tisanu tomwetomweto. Kenako ng'oma, kenako gitala la mawu aakulu lija amati besi, kenako munthu anayamba kuyimba mosakaniza Chingerezi ndi chilankhulo cha kwawo. Ndinati ha, zoterezi ndiye zimene bamboyu akusungira m'kansalu? Ndinatsitsa mawu. Ndinayang'ana timagetsi tikukwera, tikutsika, tikukweranso. Patapita mphindi ngati zitatu tinazima tonse. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, katatu, ndipo ndinaimitsa. Ndinasiya kampata, n'kuyamba kuika nyimbo zovina zija. Chikuto ndinachilemba bwino kwambiri, mpaka ndinajambulapo kaduwa pakona.

A Kamanga anafika mochedwa, lole ya antchito ikuliza kale hutala pamsewu. Anatenga tepi yatsopano, anati yewo, nathamanga. Yakale ija inatsala patebulo, kansalu kake kali pambali.

Paokalapo panali dilowa yoikamo zinthu zomwe makasitomala aiwala. Dzanja langa linafika pa dilowapo. Koma sabata imeneyo amayi otsogolera kwaya yathu anali atandibwereka tepi ya nyimbo za Pasaka zomwe tinkafuna kuphunzira, ndipo anati ndisakhalitse nayo chifukwa ena akuidikira. Ndinkafunitsitsa yangayanga. Kupempha tepi yatsopano kwa a Jafali ndinkachita manyazi, popeza anali atandichitira kale zambiri. Choncho tepi ya a Kamanga sinalowe mu dilowa, inalowa m'chikwama changa. Ndinadziuza kuti ndikungosunga, akabwera ndiwapatsa.

Loweruka sanabwere. Lolemba sanabwere. Pofika Lachinayi ndinali nditadziuza kale kuti nyimbo yawo ali nayo, yoyera bwino pa tepi yatsopano, ndipo yakaleyi aitaya. Ndinadziuzanso, Mulungu andikhululukire, kuti kuli bwino tepi yokhala ndi phokoso la kumowa isanduke ya nyimbo zotamanda Ambuye. Lachisanu a Jafali atangopita ku mzikiti ndinaitulutsa. Mabowo awiri aja ndinawaona bwinobwino. Sindinganame kuti ndinaiwala tanthauzo lake. Ndinadula tizidutswa tiwiri ta selotepi, kumata, ndipo batani lofiira linalowa popanda vuto. Ndinajambula mbali zonse ziwiri, mofulumira, maso ali kumsewu kuti a Jafali asandipeze. Nditamaliza ndinaibweza m'chikwama, ndipo kunyumba kwa azakhali sindinaimve chifukwa wailesi yawo inalibe mabatire.

Lolemba lotsatira, cha m'ma naini koloko, ndinaona a Kamanga akubwera. Tsiku limeneli sanavale ovolosi, anavala jekete lakuda, ndipo anali ndi kachikwama ka paulendo. Anapereka moni kwa a Jafali, kwa ine, ngakhalenso kwa azakhali kutsidya kuja. Kenako anaika tepi yatsopano ija patebulo, nanena mofatsa kuti nyimbo yawo yajambulidwa theka.

A Jafali anaiika mu wailesi. Gitala lija linayamba, ng'oma, mawu. Aka kanali koyamba kuti ine ndiimve mokweza mpaka pomwe ndinaidulira. Itafika pamene timagetsi tinazima, panali chete pang'ono, kenako nyimbo yovina inalowa ndi malipenga ake.

"Apa," anatero a Kamanga. "Apa nyimbo sinathe. Imapuma chabe."

Anafotokoza kuti angochokera kumudzi. Anapita kukaika mwala pamanda a mng'ono wawo, Lameki, amene anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo. Mwambo utatha, abale atakhala pansi pa mtengo wa mango, anaika tepi ija kuti amayi awo, omwe anali atasiya kuona, amve gitala la mwana wawo. Mayiwo anakhala akudikira, akudziwa pomwe Lameki amalowera. Pofika pamenepo m'malo mwa Lameki panatuluka malipenga, ana n'kudzuka kuyamba kuvina. A Kamanga pofotokoza izi sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anangoti palibe kanthu, zimachitika pantchito, tingowabwezera yakale ija yomwe anaiwala, ndipo tijambulenso bwino kuti atumize ndi munthu wopita kumudzi.

A Jafali anatembenuka. "Agi, tepi ya bambowa ili kuti?"

Chikwama changa chinali pamsomali, kumbuyo kwa mutu wanga. Ndinati ndinaiika mu dilowa.

Anatsegula dilowa. Munali chipewa cha mwana, makiyi a njinga, ndi matepi awiri a anthu ena. Ndinati mwina inasokonekera n'kugwera m'katoni. Kunsi kwa tebulo kunali katoni ya matepi akale omwe eni ake anatisiyira ndi pakamwa pawo, oposa makumi asanu, ambiri opanda zolemba. A Jafali, munthu wamkulu wa msana wovuta, anagwada pansi, nakhuthulira katoni yonse pa simenti. Anayamba kuika imodziimodzi mu wailesi, mbali yachiwiri, kukulunga mpaka poyamba, kumvetsera, kuchotsa. Ine ndinkawapatsira. Ndinkawapatsira matepi ndikudziwa kuti palibe ngakhale imodzi.

A Kamanga anakhala pabenchi lathu, kachikwama kali pamiyendo, ndipo pofuna kuti tiizindikire tikaipeza, anayamba kutiuza za nyimboyo. Anati ali anyamata, iwo ndi Lameki anabwera kudzagwira ntchito ku nzimbe. Kukalabu ya antchito kunali zida za bandi zomwe zinkangokhala, ndiponso mulu wa malekodi omwe mzungu wina wokonza makina anasiya pobwerera kwawo. Zinali nyimbo za magitala olira kwambiri zija azungu amati roko. Lameki ankaika lekodi, kumvetsera pang'ono, kunyamula singano, kuyesa pagitala, kubwezanso singano, mpaka zala zinatuluka matuza. Anapeza anzawo awiri, wa ng'oma ndi wa besi, ndipo anayamba kuyimba kukalabuko masiku a malipiro. Poyamba ankangotengera za m'malekodi. Kenako anapeka yawo imodzi, yonena za mayi amene ana ake onse awiri anapita ku nzimbe, iye n'kumakhala pakhonde kumvetsera basi iliyonse yodutsa.

Anatiuza mmene nyimbo zoterezi amazimangira, akumenya benchi ndi chikhatho. Timawu tisanu ta gitala tija ndiye msana wa nyimbo, timayamba tokha kuti munthu atizolowere, ndipo timakhalapobe kunsi mpaka kumapeto. Ng'oma ndi besi zimalowa pamodzi. Ndime yoyamba woyimba amayimba motsitsa, akufotokoza nkhani. Kolasi onse amakweza. Ndime yachiwiri, kolasi kachiwiri. Zikatero mawu atha ntchito yawo, ndipo gitala lotsogolera limapatsidwa malo kuti linene lokha zomwe woyimba walephera kunena. M'malekodi a azungu aja gitala limalowa nthawi yomweyo kolasi ikangotha. Koma mu yawoyi munali chete wautali, wowerenga kasanu ndi katatu.

A Jafali, ali chigwadire, anafunsa chifukwa chake. A Kamanga anaseka pang'ono. Anati woyimba anali iwowo. Tsiku loyamba kuiyimba pagulu anali atangolandira kalata yoti amayi awo akudwala, ndipo atamaliza kolasi yachiwiri mmero unatseka. Wa ng'oma poona choncho analeka, wa besi analekanso. Holo yonse inangoti zii, anthu akuyang'anana. Ndiye Lameki, pofuna kubisa manyazi a mkulu wake, analowa yekha ndi gitala, motsitsa, kenako akukwera, akukwera, mpaka ng'oma zinamutsatira. Kuyambira tsiku limenelo chete uja anamusunga dala. Tepi ija anajambula ndi mnzawo wina pa kawailesi kakang'ono atakaika pampando kutsogolo kwa sipika, ndipo inali yokhayo. Wa ng'oma anamwalira, wa besi anapita ku Joni osamvekanso.

"Poyambira mpaka pa chete paja ndi ine," anatero. "Ine ndilipo, amayi akafuna kundimva ndimapita. Kuseri kwa chete kuja ndi Lameki."

Katoni inatha. A Kamanga anafunsa mwaulemu ngati mwina mtsikanayu anaipereka kwa kasitomala wina mosadziwa, kapena ngati akukumbukira bwino kuti anaiikadi mu dilowa. A Jafali anadzuka atagwira msana, nati, "Bambo, uyu akati anaika ndiye kuti anaika. Amapemphera kuposa ine ameneyu. Chibwerereni pano sanandinamizepo."

Ndakhala ndikunyozedwa m'moyo mwanga, ndatukwanidwapo ndi anthu pamsika, koma palibe mawu omwe anandipweteka ngati amenewo. Ndinaganiza zongokhala chete. A Kamanga akanapita, a Jafali akanadziimba mlandu okha, ndipo tepi ndikanakaiponya m'chimbudzi. Ndinaganizadi zimenezo, ndipo ndinaziganiza nthawi yokwanira kuti a Kamanga anyamuke pabenchi n'kuyamba kutsanzika. Sindikudziwa kuti manja anga anafika bwanji pamsomali. Ndinangopezeka ndagwada pa simenti pakati pa matepi aja, tepi ya a Kamanga ili m'manja, selotepi ikunyezimira kumsana kwake.

Ndinanena zonse. Za kutsitsa mawu, za timagetsi, za chikwama, za Lachisanu. A Jafali sanandiyang'ane. Analandira tepi ija, nayang'ana selotepi, naikanda ndi chikhadabo mpaka tizidutswa tonse tiwiri tinachoka, n'kutimata m'mphepete mwa tebulo. Kenako anaika mbali yachiwiri mu wailesi, nakulunga mpaka poyamba.

Kwaya inayamba kuyimba za kuuka kwa Ambuye, mawu anayi, okoma bwino. Tonse atatu tinangoima. Azakhali kutsidya kuja anali atasiya kuyeza mpunga. Palibe anaimitsa wailesi. Nyimbo yoyamba inatha ndi amen wautali.

Pamenepo gitala linalira. Linali pamwamba kwambiri, mawu amodzi okokedwa ngati akufuna kuduka, kenako linatsika timawu titatu kapena tinayi mothamanga, ng'oma zikugunda kumbuyo. Lisanamalize kutsikako kwaya inalowanso ndi nyimbo yachiwiri.

Chomwe chinachitika n'chakuti Lachisanu lija, chifukwa chofulumira, sindinajambule chete pakati pa nyimbo monga ndinaphunzitsidwira. Ndinkangokankhira tepi kutsogolo pang'ono n'kuyamba ina. Choncho pakampata kameneko zakale sizinafufutike. Kanali kachidutswa kosakwana mpweya umodzi wa munthu.

A Kamanga anakhalanso pansi. Anati, "Bwezani." A Jafali anabweza. Anati bwezaninso. Anabweza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo nthawi iliyonse tinkayamba ndi amen uja, gitala, kenako kwaya. A Kamanga zala zawo zakumanzere zinkayenda pabondo. Tinayang'ana timipata tina tonse ta mbali imeneyo, koma tinangopeza kwina kuwomba m'manja, kwina phokoso la anthu akucheza m'holo.

A Jafali anati atha kutenga kachidutswako n'kukalumikiza pa tepi yatsopano, kuseri kwa chete kuja, kuti mayi aja amveko ngakhale pang'ono. A Kamanga anakana. Anati tepiyo isalowenso mu makina a munthu wina aliyense. Anapempha kansalu kawo, ndipo ndinakatulutsa m'chikwama momwemo, ndikulephera kuwayang'ana. Anakulunga tepi ija pang'onopang'ono, naiika m'thumba lamkati la jekete. Ndinati andikhululukire. Ndinanena kangapo, ndikulira.

"Mwana wanga, dzuka, pansipo pali fumbi," anatero. "Nyimbo zimene unafunazi ndi zabwino. Ukanandipempha tsiku lija, ndikanakugulira tepi yatsopano."

Sananene kuti ndakukhululukira, sananenenso kuti sindikukhululukira. Anagwirana chanza ndi a Jafali, natenga ndi tepi yatsopano yatheka ija, napita.

Ndinayamba kutolera matepi kubwezera m'katoni, ndikudikira kuti andiuze kuti nditenge chikwama changa ndizipita. A Jafali anakhala pampando. Kasitomala wina anabwera, anamuuza kuti abwere mawa. Pamapeto pake anati tepi yomwe yafufutika ndi ya a Kamanga, zimenezo ndikambirana ndi Mulungu wanga. Koma iwo ndawanamizitsa, chifukwa anandiikira umboni pamaso pa munthu wolira maliro, tepi ili pamsomali kumbuyo kwanga. Anati akanandichotsa ntchito ndikanakhala kuti ndinawasiya bambo aja kuti apite. Popeza ndinaulula ndekha, mawa ndibwere seveni koloko.

Ndinagwira kwa a Jafali zaka zina zinayi, mpaka pomwe ndinakwatiwa. Nkhaniyi sanaitchulenso ngakhale tsiku limodzi, ndipo Lachisanu lililonse ankandisiyabe ndekha ndi makiyi. Ndimawayamika mpaka lero, ndipo ndikamapempherera anthu omwe anandilera, dzina lawo limabwera pambuyo pa la bambo anga. Mawu a wailesi sindinatsitsenso. Ndinamva nyimbo zambiri zomwe sindinkazikonda, zina zotukwana, zina zotalika mopanda chifukwa, koma ndinkazimva mpaka tepi igunde yokha kumapeto.

Tepi ya kwaya yobwereka ija ndinaibweza Lamulungu lotsatira. Pasaka wa chaka chimenecho ndinaima nawo pamzere wa kwaya, koma pa nyimbo yoyamba ija ndinkangoyendetsa milomo. Mpaka pano ikafika pa amen, khutu langa limadikira gitala. Ndinakaulula kwa abusa, ndipo anandiuza kuti Mulungu wakhululuka. Ndimakhulupirira zimenezo. Koma mayi wosaona uja anamwalira chaka chotsatira, ndinamva kwa munthu wina wa kumaboila, ndipo sindikudziwa ngati a Kamanga anakawamvetsa kachidutswa kaja kapena anaona kuti n'kuwazunza chabe. A Kamanga ndinkawaona apo ndi apo pamsika. Ankandipatsa moni bwinobwino, n'kufunsa za azakhali, koma paokala pathu sanabwerenso. Atapuma ntchito anabwerera kwawo.

Lero ndine mayi wa ana asanu, ndipo ndimasoka zovala pakhonde pa nyumba yathu. Anthu amaiwala zinthu zambiri kwa telala: nsalu zotsala, mabatani, nthawi zina diresi lathunthu chaka chonse. Ana anga amadandaula kuti ndadzaza nyumba ndi matumba a zigamba za eni, zina zosakwana ngakhale thumba la malaya. Mwana wanga wamkazi tsiku lina anafuna kachigamba kena kuti amangire tsitsi, ndipo ndinamutuma ulendo wa ola lathunthu kuti akapemphe kwa mwini wake. Anabwera atakwiya, akuti mayiwo anamuseka n'kumuuza kuti atenge. Ndinati chabwino, tsopano ndi kako. Ine sindidziwa kuti m'kachigamba ka munthu muli ndani, ndipo chinthu chikaoneka chachabe kwa ine, sindiye kuti mwini wake wandipatsa.

Nyimbo ya a Kamanga ndimaidziwa pamtima, ngakhale ndinaimva bwino tsiku limodzi lokha. Nthawi zina ndikupalasa makina ndimapezeka ndikuing'ung'udza, timawu tisanu tija, ndime yoyamba, kolasi, ndime yachiwiri, kolasi. Ndikafika pa chete paja ndimaimitsa phazi n'kuwerenga mpaka kasanu ndi katatu. Zomwe zinali kutsogolo kwake sindinazimvepo kupatula kachidutswa kaja, ndipo amene anachititsa kuti wina aliyense asadzazimvenso ndine.